Vaquita Yatsala Pang'ono Kuthelatu

Kumpoto kwa nyanja ya Gulf of California ku Mexico kuli nyama yochedwa vaquita, imene sitingaipeze kwina kulikonse padziko. Imaoneka ngati nsomba, koma imapuma mpweya ndi kuyamwitsa ana. Mu 1997 zinalipo pafupifupi 570. Lelo zatsala ngati 10 cabe.

Asodzi sasaka vaquita. Amachela maukonde pofuna nsomba ya totoaba, imene kathumba kake ka mpweya kamagulidwa ndalama zambili ku China. Vaquita ikakodwa, imalephela kutulukila pamwamba kukapuma, ndipo imafa.

Mu 2017 boma la Mexico linaletselatu maukondewa m'delalo. Caka comweco akatswili anayesa kugwila vaquita kuti azisunge, koma yaikazi imodzi inafa, nchitoyo n'kuimitsidwa. Mu 2022 asilikali a pamadzi anamiza zipilala za simenti zokhala ndi ngowe zokola maukonde, ndipo mabwato anacepa pamalopo.

Cimene cikutilimbitsa mtima n'cakuti ofufuza akuonabe ana a vaquita. Maukondewa akacoka m'madzi, asodzi n'kupatsidwa zida zina zodyetsela mabanja ao, nyamazi zingaculukenso.