Nyumba Zosanjikizana: Denga Ndi La Yani?

Munthu wogula nyumba yoima payokha ku Wusakile kapena ku Matero sabvutika kudziwa cimene wagula. Malire a poloti yace aoneka, denga ndi lace, cimbudzi ndi cace, ndipo mpope ukaphulika adziwa kuti wolipira ndi iye yemwe. Koma wogula zipinda za pamwamba m'nyumba yosanjikizana, monga mafulati a ku Kabwata m'Lusaka, wagula cinthu cobvuta kucilongosola. Pamene iye aponda ndi pamwamba pa mutu wa mnzace. Denga lomcinjiriza ku mvula licinjirizanso mabanja onse a m'nyumbamo. Ngakhale dothi limene nyumbayo yaimapo sangaliloze ndi cala kuti gawo lakuti ndi lace.

Kale funso limeneli silinali kusautsa anthu a m'matauni, popeza nyumba zinali za Kampani ya mgodi, za Khonsolo kapena za Boma. Wanchito anali kungopatsidwa kiyi, ndipo nchito ikatha anali kubweza kiyiyo. Denga likadontha anali kukanena ku ofesi. Zinthu zinatembenuka mu 1996, pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za Makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Nyumba za ZCCM nazo zinagulitsidwa kwa anchito pa nthawi ya kugulitsa migodi, nchito imene inatha mu 2000. Alendi ambiri anasanduka eni nyumba, koma ofesi yokanenako za denga inalibenso udindo pa iwo.

Coyamba kucidziwa ndi cakuti m'Zambia dothi lonse liri m'manja mwa Pulezidenti, amene alisungira anthu a m'dziko. Atero malamulo a za malo a 1995. Cimene munthu alandira ndi cilolezo cokhala pamalopo, kawirikawiri ca zaka 99. Tsono poloti imodzi ikakhala ndi mabanja makumi awiri osanjikizana, cilolezo cimodzico cigawidwa bwanji? Yankho liri m'lamulo la 1994 lochedwa Common Leasehold Schemes Act. Nzeru yace si yacilendo pa dziko lapansi: cigawo ca New South Wales ku Australia cinapanga lamulo lotere mu 1961, ndipo South Africa inatsatira mu 1971.

Mwa lamuloli, nyumba yonse ijambulidwa pa pulani yosonyeza malire a fulati iri yonse, ndipo pulaniyo ilembetsedwa ku ofesi yosunga makalata a malo. Pamenepo mwini fulati ali yense akhoza kulandira kalata ya umwini ya iye yekha, imene angagulitse nayo fulatiyo, kuisiyira ana, kapena kuipereka cikole ku banki. Zotsala zonse, monga bwalo, makwerero ndi njira zopitamo anthu, ziri za onse pamodzi. Eni mafulati akhala bungwe limodzi lodziwika pa malamulo, ndipo bungwelo ndilo lisonkhetsa ndalama za kukonza ndi kusamala nyumba, yense monga mwa gawo lace. Wa pansi sanganene kuti za denga sizimkhudza, monganso wa pamwamba sangakane za ngalande yotsekeka pansi. Pamenepa ndi pamene pabuka mikangano yambiri, pakuti kusonkha ndalama ya cinthu cimene sicinaonongeke ndi kowawa kwa munthu ali yense.

Koma nyumba isanagawidwe iyenera kuyamba yamangidwa mololedwa. Lamulo loyang'anira kamangidwe ka matauni ndi Urban and Regional Planning Act la 2015, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ndi lamulo la 1974 la makomboni. Lamuloli lifuna kuti Khonsolo iri yonse ikhale ndi pulani ya dera lace, yonena kumene kudzakhala nyumba zogona, masitolo, mafakitale, masukulu ndi miseu. Wofuna kumanga, kugawa poloti, kapena kusintha nchito ya malo ayenera kupempha cilolezo. Munthu wokhala ndi poloti ya nyumba imodzi sangadzuke m'mawa ndi kuyamba kusanja mafulati khumi ndi awiri pamenepo. Akatero, Khonsolo iri ndi mphamvu ya kuimitsa nchitoyo, ngakhale kulamula kuti comangidwaco cigwetsedwe.

Oona mapulani ayang'ana kutalika kwa nyumba, danga losiyidwa pakati pa khoma ndi malire, kukula kwa bwalo lotsala, malo oimikapo magalimoto, mazenera olowetsa mphepo ndi kuwala, ndi makwerero othawirapo moto ukabuka. Womanga wofuna phindu aona ngati zonsezi ndi kumlanda malo amene akadaikapo zipinda zina za lendi. Koma danga limene iye alicha lotayika ndilo lopitapo galimoto lozima moto, ndipo bwalo losawakidwa ndilo limwa madzi a mvula amene akadalowa m'nyumba za anansi.

Nkhani yaikuru koposa m'Lusaka ndi ya madzi ndi zimbudzi. Mbali yaikuru ya mzindawu yakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo m'madera ena madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Zonyansa zolowa m'dothi siziyenda pang'onopang'ono monga m'dothi la katondo, koma zithamanga m'ming'alumo kufikira ku zitsime. Dzenje la zonyansa lokwanira banja limodzi silingasenze mabanja khumi ndi awiri, makamaka ngati citsime cao cakumbidwa pa poloti yomweyo. Kolera imene inabuka mu October 2017 inagwira anthu oposa 5,000, ndipo ya 2023 ndi 2024 inapha oposa 700 m'dziko lonse, kotero kuti bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala. Woona mapulani akafunsa kumene zonyansa za mafulati zidzapita, sacita cipongwe.

Kumanga bwino si mathero. Pa 24 June 2021, ku Surfside m'cigawo ca Florida ku America, mbali ya nyumba yosanjikizana ya Champlain Towers South inagwa usiku, nipha anthu 98. Nyumbayo inamangidwa mu 1981, ndipo mafulati ace 136 anali ndi eni ace osiyanasiyana. Mu 2018 injiniya anali atalemba kale kuti madzi alowa m'simenti ndi kuti pali ming'alu yoopsa pansi pa bwalo la dziwe losambiramo. Eni ace anakambirana za mtengo kwa nthawi yaitali, ndipo pamene anabvomereza kusonkha madola pafupifupi 15 miliyoni mu 2021, nchito ya kukonza simentiyo inali isanayambe pa tsiku la ngozi. Anthu a pamgodi, amene adziwa tanthauzo la mng'alu wa m'denga la pansi pa dziko, sangabvutike kumvetsa nkhani imeneyi. Mu 2022 Florida inapanga lamulo lakuti nyumba zotere, zosanjika katatu kapena kuposapo, ziziyesedwa ndi akatswiri zikakalamba, ndi kuti eni ace azisunga ndalama za kukonza mizati, maziko ndi denga.

Cifukwa cace wofuna kugula fulati, makamaka ndi ndalama za penshoni zimene sizibwera kawiri, acita bwino kupempha kuona makalata asanalipire: cilolezo ca Khonsolo ca kumanga, pulani yodindidwa, ndi kalata yolola kuti anthu alowemo. Afunsenso ngati nyumbayo inalembetsedwa mwa lamulo la 1994 lija. Ngati siinalembetsedwe, kalata ya umwini ikhala imodzi yokha, m'dzina la womanga, ndipo womangayo akaipereka cikole ku banki nalephera kubweza ngongole, wogula fulati atsala ndi lisiti cabe m'manja. Pomariza afunse kwa okhalamo kale ngati bungwe la eni nyumba likomana, ndani asunga buku la ndalama, ndi kuti denga linakonzedwa liti komariza.