ULENDO WA KU WALALE WA MASIKU ANO: UMOYO WA OLEMBA MAPULOGALAMU A KOMPYUTA KUNJA KWA DZIKO

PETAUKE. Anthu a ku Minga, m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East pakati pa Nyimba ndi Petauke, anazolowera kalekale kuperekeza ana ao opita kutali kukafuna nchito. M'masiku a atsamunda, msonkho wa nyumba utakhazikitsidwa, amuna a Cinsenga anali kuyenda pansi masabata angapo ndi kuwoloka Zambezi kuti akagwire nchito m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ulendowo unali kuchedwa wa ku Walale. Ena anabwerako ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera, koma ena sanabwerenso, nasanduka machona.

Ulendo umenewo ulipobe, ngakhale kuti wasintha nkhope. Acinyamata ena a m'Zambia, pamodzi ndi ana a alimi a m'Cigawo ca Kum'mawa, amakwera ndeke kupita ku Johannesburg, Cape Town, London kapena Toronto, opanda khasu ngakhale fosholo m'manja. Nchito yao ndiyo kulemba mapulogalamu a kompyuta. Makolo ambiri amalandira ndalama zocokera ku nchitoyi, koma ndi ocepa amene amadziwa thukuta lake.

Nchito ya kulangiza makina

Kompyuta payokha ilibe nzeru. Imacita cokhaco cimene yauzidwa, motsata ndondomeko imene munthu walemba. Ndondomeko imeneyo ndiyo pulogalamu, ndipo imalembedwa m'zinenero zapadera monga Python ndi Java, zimene makina amatha kutsata.

Mlimi aliyense amene anatumizapo ndalama pa lamya ya m'manja anagwiritsa kale nchito pulogalamu. Akadina nambala yake yacinsinsi, makina amayamba aona ngati nambalayo ndi yoona. Kenaka amaona ngati ndalama zilimo zokwanira, amacotsa ndalamazo kwa wotumiza, amaziika kwa wolandira, ndipo pomaliza amatumiza uthenga kwa onse awiri. Sitepe iliyonse inalembedwa ndi munthu. Munthuyo anayeneranso kuganizira zimene zingacitike ngati netiweki yaduka ndalama zitacoka kale koma zisanafike, cifukwa akaiwala mbali imeneyo ndalama za mbewu za banja lathunthu zikhoza kusowa m'njira. Kulembetsa alimi olandira fataleza wa FISP ndi kulandira zotsatira za mayeso a ana pa lamya kumayendanso ndi mapulogalamu otere.

Tsiku la wolemba mapulogalamu

M'makampani ambiri tsiku limayamba ndi kamsonkhano ka mphindi ngati 15, pamene aliyense amafotokoza zimene anacita dzulo, zimene acite lero ndi cimene camuvuta. Pambuyo pake munthu amakhala pa mpando maola ambiri akuyang'ana galasi lowala. Nthawi yaikulu siithera pa kulemba zatsopano ai, koma pa kuwerenga zimene ena analemba ndi kufunafuna colakwa. Kadontho kamodzi koikidwa posayenera kangathe kuimitsa nchito ya banki, ndipo kukapeza kumatenga nthawi zina tsiku lathunthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nchitoyi wosadekha sakhalitsa.

Zimene munthu walemba sizigwiritsidwa nchito mnzake asanazione ndi kuzivomereza. Motero amene sakonda kudzudzulidwa amavutika. Ena amapatsidwanso sabata ya ulonda, pamene lamya ingathe kulira pakati pa usiku makina akaima, ndipo ayenera kudzuka nthawi yomweyo kuti akonze.

Nyengo nayo ili ndi zake. Wokhala ku Johannesburg ali pa nthawi imodzimodzi ndi Zambia, koma wa ku London amatsalira ndi maola 2 m'nyengo yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yotentha. M'mwezi wa Disembala, pamene ku Minga anthu ali kalikiliki kupalira cimanga, ku London dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Munthu amacoka m'nyumba kukali mdima nabwereranso kutada. Wa ku Toronto amatsalira ndi maola 6 kapena 7, kotero kuti akamaweruka amai ake amakhala atagona kale. Cifukwa cake mabanja ambiri amangolankhulana pa Sabata.

Ndalama zambiri, mabowo ambiri

Malipiro a nchitoyi akasinthidwa kukhala makwaca amaoneka ngati cuma cosatha, ndipo pamenepa ndi pamene kusamvana kumayambira. Ku maiko monga Britain, Boma limadula msonkho munthu asanagwire n'komwe malipiro ake. Lendi ya cipinda cimodzi imadya gawo lalikulu la zotsalazo, ndipo moto wofunditsa nyumba, basi ndi cakudya zonse n'zogula. Kulibe dimba, kulibe nkhokwe, kulibenso mnansi wopempha mcere.

Kutumiza ndalama kumudzi nakonso kuli ndi mtengo. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse yakhala ikuonetsa kuti kutumiza ndalama ku maiko a kumwera kwa cipululu ca Sahara n'kodula kuposa kwina kulikonse, pafupifupi K8 pa K100 iliyonse. Maiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana mu 2015 kuti mtengowu utsike kufika pansi pa 3 mwa 100 iliyonse pofika 2030.

Nchitoyo siikhalanso yokhazikika monga anthu amaganizira. Mu Novembala 2022 kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp, inacotsa anchito okwana 11,000. Mu Januwale 2023 Google inalengeza za kucotsa 12,000 ndipo Microsoft 10,000. Kwa mlendo nkhani yotere ndi yoopsa kawiri, popeza cilolezo cake cokhalira m'dzikomo nthawi zambiri cimamangidwa ku kampani imene inamulemba. Ku Britain ndi ku America wocotsedwa nchito amapatsidwa masiku osapitirira 60 kuti apeze pena, apo ai alongedze katundu. Kuyambira 2022 kwabweranso makina monga ChatGPT amene amatha kulemba mbali zina za pulogalamu, cinthu cimene cikukakamiza anchito kuphunzira zatsopano caka ndi caka.

Conco abale amene amaliza lamya pa vuto lililonse, la fataleza, la mlandu wa ng'ombe, la cikwati ca msuweni, ayenera kudziwa kuti mwana wao alibe mtengo wobala ndalama. Mabanja ena apeza njira yabwino. Amasankha munthu mmodzi wokhulupirika wolandira ndalama, amagwirizana za ciwerengero ca pamwezi, ndipo amalemba m'buku zonse zimene zagulidwa. Kucita tero kumatsekanso njira ya akuba amene amatumiza mauthenga onama m'dzina la wacibale wokhala kunja. Uthenga wopempha ndalama mofulumira suyenera kukhulupiriridwa kufikira mwini wake atamveka mau ake.

Nsima, cinenero ndi maliro

Ufa woyera umapezeka m'masitolo a ku South Africa, ndipo ku London ulinso m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa, ngakhale pa mtengo wokwera. Cosowa ndi ndiwo zakwao. Cibwabwa cotendera ndi nshawa za Chalimbana, mfutso ndi mbewa za m'cilimwe sizipezeka m'sitolo, ndipo malamulo a ku Britain saloleza wapaulendo wocokera ku Africa kulowa ndi nyama m'cikwama. Wobwera kudzaceza kumudzi akamadya mosatukula mutu, abale asadabwe.

Nkhawa yaikulu ili pa ana. Mwana wobadwira kunja amaphunzira Cingerezi ku sukulu ndi pa masewera, ndipo ngati makolo salankhula naye Cinsenga kapena Cinyanja m'nyumba, tsiku lina adzaima pamaso pa ambuye ake ngati mlendo wofuna womasulira. Kwa Ansenga, amene mtundu umatsata kwa amai ndipo malume ali ndi mau pa ana a mlongo wake, kutalikirana kotere kumasokoneza mwambo. Malume wokhala ku Toronto amaweruza nkhani za banja pa lamya, osaona nkhope za amene akukangana.

Cowawa koposa ndi maliro. Uthenga umafika m'kanthawi kocepa, koma ulendo wa ndeke kufika ku Lusaka, kuonjezapo makilomita oposa 350 a msewu wodutsa pa mlatho wa Luangwa, kawirikawiri sukwanika tsiku limodzi. Ambiri amatumiza ndalama za bokosi ndi cakudya, naonera mwambo wonse pa lamya ali okha m'cipinda, m'mawa mwake n'kubwerera ku nchito. Mwambo wa Tuwimba wa kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo, umene umacitika mu Okutobala, amauoneranso pa zithunzi. Nthawi zotere mwambi wakuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, umamveka tanthauzo lake.

Cimene mudzi ungapindule

Zambia sinacedwe pa nkhani ya makompyuta. Mu 1994 Yunivesiti ya Zambia inayambitsa ZAMNET, ndipo dziko lino linakhala limodzi la maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa ku intaneti. Mu 2011 ku Lusaka kunatsegulidwa BongoHive, malo othandiza acinyamata a luso la makompyuta kuyamba malonda ao. Mu 2015 ana a Giredi 9 analemba mayeso a makompyuta kwa nthawi yoyamba, koma m'masukulu ambiri makina anali ocepa kotero kuti ena analemba mpaka usiku, posinthana kompyuta imodzi. Apa m'pamene panaonekera mtunda umene uli pakati pa mwana wa m'tauni ndi wa kumudzi.

Zitseko zina zatseguka. Malamulo a dziko amene anasinthidwa mu 2016 analola nzika ya Zambia kukhalanso nzika ya dziko lina, ndipo mu 2019 Boma linakhazikitsa ndondomeko yoyang'ana nzika zokhala kunja. Mu 2022 maphunziro aulere anafika mpaka ku sekondale, ndipo thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, mbali ina kukhala yolipirira acinyamata maphunziro a luso. Mu 2023 intaneti ya Starlink, yocokera ku makina a mlengalenga, inayamba kugwira nchito m'dziko lino, ndipo imafika ngakhale kumene kulibe nsanja za lamya.

Izi zikutanthauza kuti nchito ya mapulogalamu, mosiyana ndi ya mumgodi, ingathe kugwiridwa munthu ali kwao, kampani ili kutsidya la nyanja. Cofunika ndi intaneti yodalirika ndi magetsi osazimazima. Cilala ca 2024, cimene cinaphwetsa madzi ku Kariba ndi kuzimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, cinaonetsa kuti wofuna kugwira nchitoyi kumudzi ayenera kudalira mphamvu ya dzuwa.

Makomiti a makolo ndi aphunzitsi a ku Minga, Nyimba ndi Petauke angacite bwino kulemba maina a ana a m'dera lao amene ali kunja ndi kuwapempha cinthu coposa ndalama. Kompyuta yakale imene kampani yataya, kapena ola limodzi pa sabata la kuphunzitsa ana pa lamya, zingapindulitse sukulu zaka zambiri. Makolo naonso alimbikitse ana, asungwana ndi anyamata mofanana, pa masamu ndi Cingerezi, pakuti awa ndiwo maziko a nchitoyi. A ku Walale akale anabwera ndi njinga imene inatha ndi dzimbiri. A masiku ano akabwera ndi luso naliphunzitsa kwa ang'ono ao, lidzatsala m'mudzi.