Ambulansi ikakalamba: zomwe zimawonongeka ndi zomwe mungachite

Mwina munayimbapo foni ku chipatala usiku, mayi woyembekezera akubuula m'nyumba, n'kuuzidwa kuti ambulansi ili ku galaja. Yankho lotereli limapweteka, ndipo ambiri amaliyesa bodza. Nthawi zambiri limakhala loona. Ngati mumakhala kwa Kalembo kapena midzi yozungulira Ulongwe, ndi bwino mudziwe matenda a galimoto yomwe imanyamula odwala anu kupita ku chipatala cha Balaka kapena cha Machinga ku Liwonde.

Maambulansi ambiri m'maboma muno ndi a mtundu wa Toyota Land Cruiser, aja oyera aatali kumbuyo. Mtunduwu unayamba kupangidwa mu 1984, ndipo ambiri ali ndi injini ya dizilo yotchedwa 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6. Ndi injini yopirira, yosavuta kwa makaniko. Komabe galimoto yoyenda usana ndi usiku, m'fumbi ndi m'matope, imakalamba msanga.

Vuto loyamba ndi kutentha kwa injini. Kuno kumatentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Redieta ikatsekeka ndi fumbi, paipi ya madzi ikaphulika, kapena lamba wa fani akaduka, injini imawira. Ndinaziona ndekha ndikugwira ntchito pa chipatala china chaching'ono. Tinanyamula mayi yemwe ankataya magazi atangobereka. Tili pakati pa ulendo, singano ya kutentha inakwera mpaka pofiira. Adalaivala anaimika galimoto, ine mtima uli m'mwamba, ndikufinya botolo la diripi. Anamanga paipi yong'ambika ndi mphira, tinapempha madzi pakhomo lina, n'kupitiriza. Mayiyo anapulumuka. Akadakakamiza kuyenda, mutu wa injini ukadang'aluka, tikadagona panjira, ndipo galimotoyo ikadakhala miyezi pa miyala.

Lachiwiri ndi dizilo woipa. Mafuta akasowa, ena amagula wa m'zigubu, yemwe nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala. Fyuluta imagwira zina, koma ikadzaza, zotsalazo zimafika ku pampu ya dizilo ndi ma injector. Galimoto imayamba kuvuta kuliza, kutulutsa utsi wambiri ndi kufooka pachitunda. Pampuyi sikonzedwa pansi pa mtengo. Imafuna akatswiri okhala ndi makina oyezera, omwe amapezeka m'mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe.

Lachitatu ndi lamba wa m'kati mwa injini, yemwe amakaniko amamutcha timing belt. Lambayu amasinthidwa galimoto ikayenda makilomita omwe opanga analemba m'buku lake, ngakhale akuoneka wabwino. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amagunda mavavu, ndipo ntchito yomwe ikadangofuna lamba mmodzi imasanduka yomasula injini yonse.

Kenako pali zapansi: masipuling'i, mashoki, mabeling'i a mawilo, mabuleki ndi matayala. Misewu ya m'midzi ndiyo imadya zimenezi, makamaka mvula ikakumba zigwembe. Mashoki akatha, wodwala kumbuyo amamva dzenje lililonse. Kwa munthu wothyoka fupa kapena mayi amene matenda ayamba, ululu umawirikiza. Klachi nayo imapsa galimoto ikamatitimira m'matope kawirikawiri kapena ikamanyamula katundu wopyola muyeso.

Nanga mtengo wake? Taganizirani masitepe atatu. Pansi pali oyilo, mafyuluta, malamba ndi mapaipi: izi n'zotchipa poyerekeza ndi zina, ndipo m'misewu yafumbi oyilo amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 5,000 alionse. Pakati pali batire, mabuleki, klachi ndi matayala. Pamwamba pali pampu ya dizilo, giyabokosi ndi kukonza injini yonse, zomwe zimatha kudya ndalama zokwanira masevisi ambirimbiri. Zambiri zapamwambazi zimabadwa chifukwa chozengereza zapansi. N'chimodzimodzi ndi malungo: mankhwala a LA pa tsiku loyamba ndi chinthu chaching'ono, koma mwana akafika pokomoka pamafunika bedi, jakisoni ndi magazi.

Zitsulo za galimotozi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera. Komanso thumba lomwe ofesi ya zaumoyo ya boma imakonzera magalimoto ndi lomwelo limalipira dizilo, magetsi, madzi ndi chakudya cha odwala. N'chifukwa chake galimoto imatha kudikira chitsulo chimodzi kwa milungu.

Inu simungakonze injini, koma pali zomwe zili m'manja mwanu. Mayi wotaya magazi kwambiri atabereka akhoza kumwalira pasanathe maola awiri, choncho musayike chiyembekezo chonse pa galimoto imodzi. Mayi akangoyamba sikelo, banja ligwirizane za mayendedwe: ndalama yapadera, nambala ya wa kabaza wodalirika, ndi munthu womuperekeza. Amene amakhala kutali, amene anachitidwapo opaleshoni, amene akuyembekezera mapasa kapena amene magazi ake akuthamanga, akadikirire ku chipatala masiku asanakwane.

Inu mavolontiya, yimbani msanga mukaona zizindikiro zoopsa: kutaya magazi, kukomoka, mutu waukulu pamodzi ndi kutupa, kapena mwana wobanika, wolephera kuyamwa. Nenani momveka dzina la mudzi, vuto la wodwala ndi mmene msewu ulili. Ngati mtsinje wadzaza, gwirizanani malo okumanirana pafupi ndi msewu waukulu m'malo moti galimoto ilowe m'madzi, chifukwa madzi akalowa mu injini amaipha pomwepo. Ambulansi ikachedwa, yambani ulendo ndi chomwe chilipo, foni ili yotsegula.

Ikafika, operekeza akhale mmodzi kapena awiri. Matumba a chimanga ndi a makala si katundu wake. Mukamva fungo la utsi kumbuyo, uzani adalaivala, poti utsiwo ndi woipa kwa wodwala wopuma movutika. Mafumu ndi makomiti a m'midzi athandize kukwirira maenje mvula isanayambe. Ndipo inu a komiti yoyang'anira chipatala, pa msonkhano wanu ukubwerawu funsani kuti ambulansi inapita liti ku sevisi, ndi kuti ulendo wotsatira ndi wa liti.