Nambala yakutsogolo si ya pa dashibodi

Mukamadutsa pa Bwandilo Lachisanu madzulo, tawerengani magalimoto omwe nambala yakutsogolo angoigoneka pa dashibodi. Lamulo limafuna nambala ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, zomangidwa molimba komanso zowerengeka. Kupanda apo, apolisi apamsewu akuimitsani basi.

Vuto limakula pa magalimoto ochokera ku Japan. Malo a pabampala anawapangira nambala yakwawo, ya masentimita 33 m'litali, ndiye yathu yaitali ija mabowo sakumana. Musaboole bampala mwachisawawa: gulani kafelemu, mukamange pa mabowo akale aja, nambala ilowe m'menemo. Ine ndimakonda ma rivet, wakuba amavutika nawo. Za tepi yomatira ayi ndithu, mabampu akunowa sachedwa kuigwetsa, ndipo mudzazindikira mutafika kale kunyumba.