Kukonzekera Uphunzitsi wa pa Koleji: Zimene Tiphunzira ku Muona

Munthu akatsika mapiri a ku Thyolo kudzera ku Thekerani, kapena akatsata mseu wochokera ku Thabwa kuvuma kwa mtsinje wa Shire, amafika ku Muona, m'dziko la Mfumu Mlolo, m'boma la Nsanje. Kumeneko, pa mishoni ya Fatima, pali chipatala cha Trinity chimene adachiyamba Asisteri a Divine Providence, amene adafika m'chigwamo kuchokera ku Germany m'chaka cha 1960. Pambali pa chipatalacho pali koleji yophunzitsa anamwino ndi azamba. Ntchito yaikulu ya koleji yotere si kulemba mabuku kapena kutulukira nzeru zatsopano ai, koma kuphunzitsa. Ndipo mbiri yake imayenda ndi anamwino amene adadzera m'menemo, amene tsopano ali m'zipatala zosiyanasiyana za dziko lino.

Tayamba ndi Muona chifukwa ambiri mwa ife amene timatumidwa ku maphunziro apamwamba tidzabwerera ku sukulu za mtundu womwewu: seminale ya Kachebere imene idatsegulidwa mu 1939, ya St. Peter's ku Zomba ya mu 1977, makoleji a aphunzitsi, kapena makoleji a zaumoyo a bungwe la CHAM onga a ku Nguludi, ku Phalombe ndi ku Muona komweko. Nanga munthu amakonzekera bwanji ntchito imeneyi? Ife tiyankha kuti digiri yokha siikwanira, ndipo kuti kukonzekera kuyenera kuyamba kalata yomtuma munthu isanalembedwe.

Chitsime ndi dimba

Maphunziro a digiri zapamwamba monga tiŵadziŵira lero adatengera kwambiri maganizo a Wilhelm von Humboldt, amene adatsogolera kukhazikitsa yunivesite ya ku Berlin mu 1810. Iye adafuna kuti mphunzitsi wa pa yunivesite akhale wofufuza, ndi kuti wophunzira aphunzire pofufuza pamodzi naye. M'menemo mudachokera zabwino zambiri. Koma potsatira njira imeneyi, wofuna digiri ya PhD amatha zaka zitatu kapena zinai akukumba nkhani imodzi yopapatiza, monga munthu wokumba chitsime chakuya. Akabwerera kwawo amapeza kuti chimene akumfunira si chitsime chokha, koma kuthirira dimba lonse.

Vuto limeneli si lathu lokha. Ku America, Ernest Boyer adalemba buku lotchedwa Scholarship Reconsidered mu 1990, m'mene adaonetsa kuti ntchito ya munthu wophunzira ili panai: kutulukira zatsopano, kulumikiza nzeru zosiyana, kugwiritsa nzeruzo ntchito pakati pa anthu, ndi kuphunzitsa, ndipo kuti si bwino kulemekeza yoyamba yokha. Mu 1993 kumeneko kudayambika ndondomeko yotchedwa Preparing Future Faculty, imene inkatumiza ophunzira a PhD ku makoleji ang'onoang'ono oyandikana nawo, kuti akaone ndi maso ntchito imene ambiri a iwo adzaigwire moyo wawo wonse.

Pa za maseminale, Msonkhano wa Vatikano Wachiŵiri udaanena kale zofanana mu 1965. Chikalata cha Optatam Totius, pa ndime 5, chifuna kuti aphunzitsi asankhidwe mwa anthu oyenera koposa, ndipo akonzedwe osati pa chiphunzitso chokha, komanso pa ntchito ya ubusa, pa moyo wauzimu ndi pa luso la kaphunzitsidwe. Pambuyo pake Malamulo a Eklezia a mu 1983, pa nambala 253, adalamula kuti wophunzitsa filosofi, teoloji kapena malamulo akhale ndi digiri ya licentiate kapena ya udokotala. Zonse ziŵiri nzofunika. Koma popeza digiri imaoneka pa pepala pamene luso silioneka, kaŵirikaŵiri timasamala za pepalalo, nkumaganiza kuti luso lidzabwera lokha.

Ntchito yake yeniyeni

Tiyeni tione tsiku la mphunzitsi pa koleji yonga ya ku Muona. M'maŵa ali m'kalasi, kufotokoza m'Chingerezi za kayendedwe ka magazi m'thupi kwa achinyamata amene ena a iwo adachokera ku sekondale zopanda laibulale kapena chipinda choyeseramo za sayansi. Masana ali nawo m'wodi, kupenyetsetsa manja awo pamene akutsuka bala kapena kuyeza mayi woyembekezera. Wodwalayo amalankhula Chisena kapena Chimang'anja. Tsono wophunzira ayenera kutembenuza zimene adamva m'kalasi kuti zikhale mau amene gogo wa kumudzi angathe kuŵamva ndi kuŵatsata. Madzulo mphunzitsi uja akuchonga mayeso, podziŵa kuti ophunzira ake sadzaloledwa kugwira ntchito asanavomerezedwe ndi bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba m'dziko muno. Ndipo popeza ophunzira amagonera pomwepo, amene wamva za maliro kwawo kapena wasoŵa ndalama za fizi amagogoda pa chitseko cha mphunzitsi yemweyo.

Tionjezepo za malo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwa kumatha kupitirira madigiri 40. Mu 1997 madzi adagumula mseu ndi njanji pakati pa Makhanga ndi Bangula, nalekanitsa anthu a kwa Mlolo ndi boma lawo. Mu Januwale 2015 Shire ndi Ruo zidasefukira nizimiza midzi ya ku Makhanga, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adachitanso zoopsa. Njira zikaduka chotere, katswiri woitanidwa kuchokera ku Blantyre safika; amene alipo ndiye amaphunzitsa, ngakhale phunzirolo lisakhale limene adalembera digiri yake.

Ku seminale nkhani ndi yomweyo. Wansembe amene adalemba masamba 300 pa mutu umodzi wa kalata ya Paulo Woyera amapatsidwa Chipangano Chatsopano chonse, kuonjezapo Chigriki, uphungu wa ophunzira ndi Misa ya Lamulungu ku tchalitchi la kumudzi. Monga luso la namwino liyesedwa pa bedi la wodwala, maphunziro a mseminale adzayesedwa pa guwa ndi m'mphakati.

Zoyenera kuchita wokonzekera

Choyamba, aphunzire kuphunzitsa mwadala, pakuti ndi luso lokhala ndi malamulo ake. Kukonza phunziro la ola limodzi, kufunsa funso limene lidzutsa maganizo, kulemba mayeso oyesadi zimene zidaphunzitsidwa, kuchonga mwachilungamo: zonsezi zimaphunziridwa. Maphunziro a za uphunzitsi alipo ku yunivesite ya ku Zomba, ku Domasi, ndiponso ku yunivesite ya Katolika ku Nguludi imene idatsegulidwa mu 2006. Amene alibe mwaŵi wotere apemphe kukhala kumbuyo m'kalasi ya mphunzitsi waluso, kenaka apemphe waluso uja adzakhale kumbuyo m'kalasi yake, namuuze zoona. Makoleji ambiri polemba ntchito amauza wofunsira kuti aime pa bolodi aphunzitse. Pamenepo mndandanda wa zolembalemba suthandiza munthu amene sadagwirepo choko.

Chachiŵiri, afutukule maphunziro ake. Pamene akukumba chitsime chake, atengeko maphunziro ena oyambira a m'gawo lake lonse, ndipo asanabwerere akhale atakonza kale zophunzitsa za mitu iŵiri kapena itatu imene adziŵa kuti koleji iliyonse imaifuna. Nthaŵi yosonkhanitsa mabuku ndi yomweyo imene ali pafupi ndi laibulale yaikulu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chachitatu, asataye ntchito ya manja. Namwino amene sadachezerepo usiku ndi odwala sangaphunzitse bwino unamwino, ndipo ophunzira amazindikira msanga. Chimodzimodzi wophunzitsa za ukwati kapena za maliro amene sadakhalepo pa parishi, kumva milandu ya mabanja ndi kuika akufa, amayankha mafunso amene anthu safunsa.

Chachinai, asamale chilankhulo. Kuphunzitsa m'Chingerezi sikumchotsera munthu udindo wodziŵa mmene nkhaniyo ingamvekere m'Chicheŵa kapena m'Chisena. Njira yabwino yodziyesera ndi iyi: tenga mfundo yovuta koposa ya m'phunziro lako, uifotokozere katekisiti kapena mzamba wachikulire m'chilankhulo chake. Ukalephera, mwina iwe wemwe sunaimvetse.

Chachisanu, akonze mtima wokhazikika. Tidaonapo anzathu ena amene adafika pa sukulu ya kutali chikwama chosamasula, maso ali kumseu, kudikira tsiku limene adzaitanidwe ku tauni. Ophunzira amaona zimenezi, ndipo amaphunzirapo kuti malo a anthu osauka ndi pongodzera. Tsono akamaliza maphunziro, tidzaŵadzudzula bwanji akakana kutumidwa kumudzi?

Kodi kufufuza kwatha?

Wina angafunse kuti, kodi munthu wotere wasiyana nako kufufuza? Iyai. Chimene chasintha ndi gwero la mafunso ake. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Holland, adayamba utumiki wake m'dziko muno mu 1955, nagwira ntchito m'chigwa cha Shire chomwechi. Mafunso amene adakumana nawo pakati pa Amang'anja, makamaka za chipembedzo cha Mbona ku Khulubvi, ndiwo adapita nawo ku Oxford, ndipo pambuyo pake adabala buku lake lotchuka la River of Blood mu 1992. Mphunzitsi wa ku Muona ali ndi mafunso otere pakhomo pake: chifukwa chiyani mayi wina amachedwa kufika ku chipatala, anthu othaŵa madzi amasunga bwanji mankhwala awo a tsiku ndi tsiku, ophunzira amakhumudwa pati m'chaka chawo choyamba. Kufufuza kotere kumayenda pang'onopang'ono, koma kumabwerera m'kalasi nkulemeretsa phunziro.

Mau kwa otuma anzawo

Udindo suli pa wotumidwa yekha. Maepiskopi, akulu a zipani ndi oyendetsa makoleji angathandize pa zinthu zitatu zosalira ndalama zambiri. Amuuze munthu asananyamuke kumene adzaphunzitse ndi zimene adzaphunzitse, kuti asankhe maphunziro ake ndi maso otsekuka. Akabwera, ampatse mphunzitsi wamkulu womuyendetsa m'chaka choyamba, m'malo momtula katundu yense amene ena adatopa naye. Ndipo poyamika kapena pokweza anthu pa ntchito, aŵerengere kuphunzitsa kwabwino monga aŵerengera mabuku olembedwa. Pakuti chimene akulu salemekeza, ang'ono sachilimbikira.

Usiku wina, pa chipatala chaching'ono kutali ndi dokotala, mayi adzataya magazi atangochira, ndipo moyo wake udzakhala m'manja mwa mzamba mmodzi. Mayiyo sadzadziŵa dzina la mphunzitsi amene adaimirira pambali pa mzamba uja ku Muona, nambwereza kaŵiri katatu kufikira manja ake atazoloŵera. Koma kuchira kwake kudzakhala kutayambira m'kalasi imeneyo. Amene akukonzekera ntchito ya uphunzitsi akonzekere ndi mayi ameneyu m'maganizo.