Kabokosi ka Kanema: Tiyambe Tafunsa Tisanamasule Chikwama

Amayi, masiku ano m'nyumba zambiri muli kabokosi kakang'ono kokhala pambali pa wailesi yakanema. Ntchito yake ndi yakuti banja lizisankha lokha kanema amene lifuna, pa nthawi imene lifuna, osadikira ndondomeko ya kuwailesi. Ana akakaona kwa anzawo sagona tulo, ndipo abambo nawo sachedwa kunena kuti nyumba yopanda kabokosi ndi yotsalira. Popeza kawirikawiri amene amadziwa pamene ndalama ya ndiwo yalekezera ndi mayi, nkoyenera kuti tidziwe mbiri ya timabokosi timeneti tisanavomere kugula.

Nkhaniyi inakulira ku America. Kale anthu kumeneko ankapita kusitolo kukabwereka matepi ndi zimbale za kanema, ndipo akachedwa kubweza ankalipira chindapusa. Kampani ya Blockbuster inali ndi masitolo otere pafupifupi 9,000 m'chaka cha 2004. Tsono anthu amalonda anaganiza kuti kanema azifika yekha kunyumba, mwini wake ali khale pampando.

M'chaka cha 2003 kampani ya Disney inayesa kabokosi kotchedwa MovieBeam m'mizinda itatu: Jacksonville, Salt Lake City ndi Spokane. Kabokosiko kankasunga makanema 100, ndipo atsopano ankalowamo kudzera m'mphepo monga momwe mau a wailesi amafikira. Banja linkalipira kanema aliyense amene laonera. Pofika 2006 kankagulitsidwa pa mtengo wa madola pafupifupi 200. Koma ogula anachepa. Malondawo anagulidwa ndi kampani ina m'chaka cha 2007, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anatsekedwa. Mabanja amene anagula anatsala ndi chitsulo chopanda ntchito pathebulo.

Chaka chomwecho cha 2007 kunatuluka kabokosi ka Vudu, ka madola 399, kamene kankatenga makanema pa intaneti. Nako sikanakhalitse, pakuti kampaniyo inaleka kupanga timabokosi niyamba kuika makanema ake m'mawailesi akanema opangidwa ndi ena. Walmart inaigula mu 2010, ndipo lero dzina lake ndi Fandango at Home. Kamene kanapambana ndi ka Roku, kotuluka mu 2008 pa mtengo wa madola 100, koonerera makanema a Netflix. Chinsinsi chake chinali kutsika mtengo, komanso kuti pambuyo pake kanalola makampani ambiri kulowetsamo makanema awo. Anthu atazolowera kuonera ali kunyumba, masitolo obwereketsa anafota, ndipo Blockbuster inagwa mu 2010. Komabe ngakhale timabokosi toyamba ta Roku tinaleka kuonetsa Netflix kumapeto kwa 2019 chifukwa cha kukalamba.

Mbiriyi ikutiphunzitsa chinthu chachikulu chimodzi. Kabokosi sikali ngati mpando kapena makina osokera, zimene mukagula zimakhala zanu mpaka zidzukulu. Moyo wake uli m'manja mwa kampani imene ikutumiza makanema. Kampani ikatseka, kapena ikanena kuti kabokosi kanu kakalamba, ndalama yanu yapita. Ngakhale kanema amene mwamulipira kuti mwagula, kawirikawiri mwangogula chilolezo choonera, osati chinthu choti nkusunga m'sutikesi ngati chimbale.

Tisanene kuti ubwino palibe. Mayi wa mwana wakhanda angathe kuimitsa kanema, nakayamwitsa, nadzapitiriza pamene analekezera. Ana amakhala pakhomo m'malo mokadzazana m'tinyumba ta mavidiyo kumsika, kumene palibe wamkulu woyang'anira zimene akuona. Banja lonse limaonera pamodzi pa mtengo umodzi. Ndiponso timabokosi tambiri tili ndi malo oikapo nambala yachinsinsi, kuti mwana asatsekule kanema wa akuluakulu kapena kubwereka kanema makolo asakudziwa.

Kuno kwathu nkhaniyi siyachilendo. DStv inayamba kubwereketsa makanema atsopano kudzera pa dikoda ku South Africa mu 2011, pa dzina la BoxOffice, ndipo wobwereka ankapatsidwa maola 48 kuti aonere. Netflix inafika ku Malawi, Zambia ndi maiko ena ambiri mu Januwale 2016. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo wa kabokosi ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali ndalama ya mwezi ndi mwezi, pali magetsi, ndipo pali intaneti. Kanema wooneka bwino kwambiri angathe kudya 3 GB pa ola limodzi, pamene wooneka mwa pakatikati amadya pafupifupi 1 GB. Motero kanema mmodzi wa maola awiri angathe kumaliza bandulo imene mukanagwiritsa ntchito masiku ambiri pafoni. Kabokosi kotumizidwa ndi mbale wa ku Johannesburg kapena ku London ndi mphatso yabwino, koma wodyetsa kabokosiko mwezi uliwonse ndinu.

Chenjeraninso ndi timabokosi timene ogulitsa amati tili ndi makanema onse a dziko lapansi aulere. Makanema otere amakhala obedwa. M'chaka cha 2017 bwalo lalikulu la milandu la maiko a ku Ulaya linagamula kuti kugulitsa timabokosi totere nkuphwanya lamulo. Timaleka kugwira ntchito mwadzidzidzi, tilibe kodandaulira, ndipo kawirikawiri tilibe chotchinga chodalirika choteteza ana ku zithunzi zolaula.

Nanga tsogolo lake nlotani? Zikuoneka kuti kabokosi kakucheperachepera. Mu 2013 Google inatulutsa Chromecast, kachipangizo konga chala ka madola 35, kongobaya kumbuyo kwa wailesi. Lero mawailesi akanema ambiri atsopano amabwera ndi nzeru za kabokosi zili m'kati kale. Chifukwa chake ngati banja likulingalira zogula wailesi yatsopano, mwina kabokosi sikafunika konse. Koma ngati wailesi yanu yakale ikali yamphamvu ndipo ili ndi pobayira pa HDMI, kabokosi kotsika mtengo kangaitalikitsire moyo zaka zingapo. Kumeneko ndiko kupindula kwenikweni, osati kugula kodula koposa kuti anansi aone.

Tsono musanapereke ndalama, funsani wogulitsa mafunso awa. Kodi kabokosika kamaonetsa makanema a kampani imodzi kapena ambiri? Kodi kamagwira ntchito m'dziko muno? Kodi malipiro a pamwezi ndi angati, ndipo ndingaleke mwezi umene ndilibe ndalama? Kodi kali ndi nambala yachinsinsi ya ana? Pambuyo pake khalani pansi ndi bambo a m'nyumba, mulembe papepala ndalama ya chaka chonse, muiyerekeze ndi fizi ya ana ndi matumba a feteleza. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati masamuwo alola, gulani ndi mtima woyera, ndipo muike lamulo lakuti kanema ayambe ana atamaliza kulemba za kusukulu ndi kutsuka mbale.