Makina Akayamba Kunjenjemera: Pulogalamu Yanji Ingaphunzitse Amisiri a ku Mchinji?

Kuchokera pa Waliranji kudutsa pa Kamwendo mpaka pa boma, ngakhalenso cha ku Mkanda ndi ku Kapiri, ntchito zambiri za m'boma la Mchinji zimayenda chifukwa cha zitsulo zozungulira. Chigayo chokonola ndi chogaya, makina oswa mtedza, ofinyira mafuta a mpendadzuwa, pampu ya madzi ndi jenereta ya pachipatala, zonsezi zili ndi shafti ndi mabering'i, ndipo nthawi zambiri zimachenjeza zisanafe. Bering'i silisweka tsiku lomwelo layamba kutha. Limakhala masabata kapena miyezi likusintha kanjenjemeredwe ka makina onse. Luso lowerenga chenjezo limeneli, limene akatswiri amalitchula kuti vibration analysis, lero limaphunzitsidwanso kudzera m'mapulogalamu a pakompyuta, ndipo mmisiri amene sangatseke malo ake antchito kupita ku MUBAS ku Blantyre angathe kuphunzira ali kwawo. Koma mapulogalamuwa ndi ambiri, ena ndi odula kwabasi. Maganizo anga ndi akuti muyeso waukulu wosankhira ndi umodzi: kodi pulogalamuyo imusiya mmisiri akutha kugamula yekha vuto la makina amene ali patsogolo pake?

Kuti funsoli limveke, tiyambe taona zimene zimachitika poyeza. Kachipangizo kokhala ndi maginito kamamatidwa pa chitsulo chimene mumakhala bering'i, ndipo kompyuta imagawa kunjenjemerako malinga ndi liwiro lake n'kujambula chithunzi cha mizere yoimirira. Magetsi a ESCOM amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, choncho mota zambiri zimazungulira pafupifupi maulendo 1,450 pa mphindi, komwe kuli ngati 24 pa sekondi. Mzere wautali ukaima pa 24, kawirikawiri ndiye kuti mbali ina ya chozunguliracho yalemera kuposa inzake. Wina ukakulanso pa 48, ganizo loyamba limakhala lakuti shafti ya mota ndi ya makina sizinalunjikane. Mizere ikandandalikana pa 24, 48, 72 ndi 96, wodziwa amayamba wayang'ana mabawuti omasuka, pamene mzere wa pa 100 umaloza ku vuto la magetsi. Bering'i longoyamba kudyeka limaonekera kutali, pa liwiro la maulendo zikwi pa sekondi, khutu lisanamve kanthu.

Apa m'pamene mapulogalamu amasiyanira. Ena amangokhala mavidiyo ndi mafunso oloweza, moti wophunzira amatuluka akudziwa mayina a mavuto koma chithunzi chenicheni chikamubwerera amasowa poyambira. Abwino amaonetsa makina oyerekezera akuzungulira, n'kulola wophunzira kuwonjezera kulemera mbali imodzi, kumasula bawuti kapena kusintha liwiro, iye akuona mizere ikusuntha. Zimenezi ndi zofunika kwambiri pa chigayo, chifukwa mota imayendetsa mahamala kudzera m'malamba, ndipo liwiro la mahamala limasiyana ndi la mota malinga ndi kukula kwa mapule. Woloweza kuti vuto limaonekera pa 24 adzasokera, koma amene anayeserera kusintha mapule adziwa kuwerengetsa pamene mzere uyenera kuima. Adziwanso chifukwa chake mahamala amayenera kuikidwa olemera mofanana mbali zoyang'anizana: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yogwedeza makina imawirikiza kanayi. Pulogalamu yotere iyeneranso kulola wophunzira kulowetsamo miyeso ya makina ake ndi kuisunga, pakuti muyeso umodzi sunena zambiri. Zili ngati khadi la mwana la kusikelo: chimene namwino amayang'ana ndi kumene mzere ukulowera mwezi ndi mwezi.

Kupatula kaphunzitsidwe, chachiwiri choyang'ana ndi moyo weniweni wa kuno. Pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse imadya bandulo, ndipo netiweki ikavuta phunziro limaima. Yolipira chaka ndi chaka m'madola imakwera mtengo kwacha ikagwa, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Wogula afunse ngati maphunzirowo amasungika mu kompyuta, ngati anthu angapo angathe kuphunzirira pa laisensi imodzi, ndiponso ngati akuphunzitsa luso lenilenilo kapena mabatani a chipangizo cha kampani imodzi basi. Chachitatu ndi satifiketi. Pali muyeso wa dziko lonse, ISO 18436-2, umene umagawa akatswiri a lusoli m'magulu anayi. Gulu loyamba limafuna maphunziro a maola 30 ndi miyezi 6 yogwira ntchitoyo, lachiwiri maola 38 ndi miyezi 18, ndipo mayeso amalembetsa ndi mabungwe monga Mobius Institute ndi Vibration Institute. Kwa mnyamata wa ku Mchinji, kumene Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe, pepala lozindikirika kunja kwa Malawi lingamutsegulire ntchito ku Zambia. Pepala limene pulogalamu imangodzisindikizira yokha silikhala ndi mphamvu imeneyo.

Wina anganene kuti amisiri athu akhala akumva matenda a makina kuyambira kale, pogunditsa sikuludiraiva pa bering'i n'kuika khutu ku chigwiriro. Luso limeneli ndi loona, ndipo mmisiri amene ali nalo amaphunzira msanga kuposa wongochokera m'kalasi. Komabe khutu silisunga muyeso wa mwezi watha, ndipo mwini chigayo savomera msanga kutseka makina nthawi yokolola pongouzidwa kuti kulira kwasintha. Akaona nambala itakwera katatu motsatizana, amamvetsa kuti kuima tsiku limodzi n'kusintha bering'i kuli bwino kusiyana ndi kudikira sabata yathunthu shafti ikukonzedwa ku Lilongwe. Winanso angafunse kuti bwanji osangogula pulogalamu imene imayeza n'kunena yokha vuto. Vuto lake ndi lakuti yotereyo imadalira kuuzidwa molondola liwiro, nambala ya bering'i ndi kamangidwe ka makina, pomwe zigayo zambiri kuno zinakonzedwapo kambirimbiri ndi zitsulo zosiyanasiyana. Ikalakwitsa, amene angazindikire ndi munthu wophunzira yekha.

Madandaulo a ndalama ndi a chilankhulo ndi omveka. Chipangizo choyezera cha akatswiri ndi chodula, ndipo maphunziro ambiri ali m'Chingerezi. Koma poyambira sipafunika zonsezo. Foni zamakono zili ndi kachipangizo komva kugwedezeka, ndipo pulogalamu yaulere ya phyphox, yopangidwa ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, imajambula mizere ija. Foni singaone bering'i longoyamba kudyeka chifukwa siyeza mofulumira mokwanira, koma kulemera kwa mbali imodzi pa mota ya 1,450 imakuonetsa, bola woyeza atalikirane ndi malamba. Za Chingerezi, izi zikungolimbikitsa mfundo yosankha pulogalamu yophunzitsa ndi zithunzi zoyenda, zimene mlangizi angafotokoze m'Chichewa. Chipangizo chodulacho sichiyenera kukhala cha munthu mmodzi. Eni zigayo ndi makopaletivu angasonkherane, ndipo sukulu yonga Namitete Technical College, imene ili panjira yopita ku Mchinji, ingakhale malo oyenera kuti TEVETA ithandize kuikapo maphunziro afupiafupi.

Choncho ndalama isanatuluke, wogula apemphe kuyesera kaye pulogalamuyo. Amisiri awiri kapena atatu aphunzire nayo kwa masabata angapo, kenako ayeze chigayo cha mahamala odyeka, anene okha chimene akuganiza kuti chavuta, asinthe mahamalawo, n'kuyezanso. Ngati atha kufotokoza chifukwa chimene mzere watsikira, pulogalamuyo ndi yoyenera kugula. Ngati akungodikira kuti kompyuta iwauze yankho, ndalamayo ndi bwino igulire girisi ndi mabering'i osungira pamene akufunafuna ina.